M'MENE LIKULU LA DZIKO LINACHOKERA KU ZOMBA KUDZA KU LILONGWE

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa mafumu ndi alimi a fodya a kwa Kaluluma, m'boma la Kasungu

 Lero sitikamba za nazale kapena za mtengo wa feteleza iai. Tikamba za mudzi umene ambiri a inu munaupondamo ndi mapazi anu, mudzi wa Lilongwe, ndi m'mene unakhalira likulu la dziko lino.

Munthu akakwera galimoto pa Nkhamenya m'mamawa nalunjika kumwera, adutsa Chatoloma, Kasungu ndi Chinkhoma, aoloka Bua, apitirira Madisi ndi Mponela, ndipo dzuwa lisanapendeke ali pa Lumbadzi. Akayenda pang'ono aona nkhokwe zazitali za chimanga ndi mashedi a fodya pa Kanengo. Pamenepo wafika pakhomo pa likulu. Anyamata a lero amayesa kuti zinthu zinali chomwechi chikhalire. Koma pakati panu alipo akulu amene anabadwa Boma likali ku Zomba, ndipo iwo akumbukira kuti mlandu kapena pempho likatumizidwa kumeneko, mwini wake anali kuliiwala, nayamba nchito zina.

Tsono chinakoka Boma kuti lichoke patsinde pa phiri la Zomba ndi kudza ku chigwa cha pakati nchiyani? Ambiri ayankha msanga kuti ndi Kamuzu. Sanama. Koma Kamuzu anapeza mudzi ulipo kale, ndipo amene anaukuza mudziwo ndi alimi a fodya. Ndiponso pamene likulu linadza, silinakhale m'malere. Linakhala pa minda ya anthu. Nchifukwa chake nkhani iyi ndi yanu inu mafumu osunga nthaka, koposa makalaliki a m'maofesi.

ZOMBA

Angerezi analengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwao. Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, sanafune kukhala ku Blantyre kumene kunali amishoni ndi amalonda a Mandala. Anasankha Zomba, pamene panali kale nyumba yaikulu imene John Buchanan anamangira kazembe wa Angerezi zaka zowerengeka m'mbuyomo. Malowo anali ndi madzi ozizira a Mulunguzi otsika m'phiri, anali ndi mphepo yomkomera Mzungu, ndiponso anali pafupi ndi njira zimene ogula akapolo analikupitamo popita ku nyanja yamchere. Zifukwa zimenezi zinali zabwino kwa munthu wodzagonjetsa dziko. Za mlimi munalibemo.

Kuno ku Kasungu ulamuliro wa ku Zomba unafika ndi mfuti kumapeto kwa 1895, pamene asilikari anathyola linga la Mwase Kasungu. Pambuyo pake unafika ndi chiphaso cha msonkho. Mu 1907 dziko linapatsidwa dzina lakuti Nyasaland, ndipo bwalo lopanga malamulo linayamba kukumana ku Zomba mu 1908. M'bwalomo munalibe munthu wakuda kufikira 1949. Kotero kwa zaka 40 malamulo a fodya wanu, a ng'ombe zanu ndi a nkhalango zanu analikupangidwa ndi anthu okhala mamailosi oposa 250 kuchokera pa Kasungu, ndipo ambiri a iwo sanaonepo Dwangwa.

Zomba unali mudzi wokongola, koma waung'ono. Kumbuyo kwake kuli phiri, ndipo malo athyathyathya omangapo nyumba zambiri ndi mafakitale anali ochepa. Njanji sinapitepo, inachoka ku Limbe nilambalala chakumadzulo, kudzera pa Balaka. Malonda onse anali ku Blantyre ndi ku Limbe. Ku Zomba kunali Bwanamkubwa, maofesi, asilikari a K.A.R., ndende yaikulu ndi chipatala cha odwala misala. Ndicho chake mpaka lero munthu akanena kuti mnzake "apite ku Zomba", samanena za maofesi.

MUDZI WA FODYA

Tsopano tiyeni ku Lilongwe. Akale analikutchula malowo kuti Bwaila. Boma loyamba linamangidwa m'dziko la mfumu Njewa, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo mu 1904 linakhala malo a bwana wolamulira dera lonselo. Posachedwa anafika Amwenye, namanga masitolo ao tsidya lina la mtsinje. Pomwepo panakumana miseu: wochokera ku Dedza, wopita ku Fort Jameson kumene lero timati ku Chipata, wotsikira ku nyanja, ndi wokwera kuno kumpoto. Koma kwa zaka zambiri unali kamudzi chabe ka nyumba zowerengeka, ndipo fisi analikulira pakhomo pa bwana Disi.

Chinasintha zonse ndi fodya wa chikopa. Mu 1920 Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anatsegula munda pa Mbabzi, kumadzulo kwa Lilongwe. Iwo anaona kuti nthaka ya katondo ya m'chigwamo ikonda fodya, ndi kuti Mchewa akaphunzira kufesa, kuokera ndi kufukiza, akhoza kulima fodya wabwino pa munda wake popanda kapitao kumuimirira. Anayamba kugawa mbeu, natuma alangizi m'midzi, nagula fodyayo pa mtengo umene anaika iwo okha. Anthu anailandira nchitoyo mwachangu chodabwitsa, pakuti inali njira yopezera ndalama ya msonkho ndi ya nsaru osapita ku Harare kapena ku Joni. Mu 1923 alimi a fodya m'chigawo cha pakati sanafike 1,000. Pofika 1927 anapitirira 30,000.

Boma litaona chomwecho linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926, kuti ilembe maina a alimi, iike misika ndi kudula msonkho pa fodya. Alimi sanaikonde Bodiyo, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti kawirikawiri mtengo wa pa msika wa kumudzi unali kachigawo kakang'ono ka mtengo umene fodya yemweyo anakagulidwa nao kumwera. Mu 1930 kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale ku Lilongwe. Mu 1935 njanji inafika ku Salima, malole nayamba kutsitsa mabelo kumeneko kuti akwere sitima ya ku Limbe, kumene okushoni inatsegulidwa mu 1938. Ndalama ya fodya inakoka masitolo, atelala, amisiri a njinga ndi mabasi. Mu 1947 Lilongwe anawerengedwa kuti ndi tauni.

Taonani chiwerengero cha anthu cha 1966, zaka ziwiri chilandirire ufulu. Blantyre anali ndi anthu oposa 100,000. Zomba, likulu la dziko kwa zaka 75, anali ndi anthu oposa 19,000 koma osafika 20,000. Lilongwe, wopanda Bwanamkubwa, wopanda nduna, anali ndi anthu oposa 19,000 nayenso. Khasu linali litaupeza kale mpando.

MAGANIZO A KU GWELO

Dr. Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, anamangidwa mu Marichi 1959 natsekeredwa m'ndende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia, kufikira Epulo 1960. Iye mwini ananena kawirikawiri pambuyo pake kuti ali m'ndendemo anaganiza zinthu zitatu: kusamutsira likulu ku Lilongwe, kumanga sukulu ya Yunivesite ku Zomba, ndi kulima mseu wa m'mbali mwa nyanja. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, sanachedwe kulengeza za likulu.

Zifukwa zimene anapereka zinali zomveka kwa munthu aliyense wa pakati ndi wa kumpoto. Nchito, masukulu akulu, mafakitale, njanji ndi miseu ya tara, pafupifupi zonse zinaunjikana kumwera. Chigawo cha pakati chinali nkhokwe ya chimanga, mtedza ndi fodya, koma chinalibe tauni yoti ana ake akagwireko nchito. Munthu wa ku Karonga kapena ku Mzimba wofuna Boma anayenera kudutsa dziko lonse. Lilongwe anali pakati, ndipo anali ndi malo otambalala. Panalinso anthu, makamaka kumwera, amene analikunong'ona kuti Kamuzu angofuna kukokera Boma kwao kwa Achewa. Ine ndiyesa kuti zifukwa zonse ziwiri zinayendera limodzi, monga ziyendera pa maganizo ambiri a mafumu. Ndipo si Malawi yekha anachita zotere. Anansi athu a ku Northern Rhodesia anachotsa likulu ku Livingstone kulipereka ku Lusaka mu 1935, ndipo a ku Tanzania anagwirizana mu 1973 zochoka ku Dar es Salaam kunka ku Dodoma, pa chifukwa chomwecho cha kufuna pakati.

Bvuto linali ndalama. Masiku amenewo Boma la Malawi silinali kukwanitsa ngakhale malipiro a anchito ake popanda thandizo la Angerezi, ndipo Angerezi anakana. Anati dziko losauka lisataye chuma pomanga maofesi pamene maofesi alipo kale. Kamuzu sanabwerere m'mbuyo. Anatembenukira ku South Africa, dziko limene maiko ena onse a anthu akuda analikulisala chifukwa cha tsankho la khungu. Mu 1967 Malawi anapangana nao za ukazembe, ndipo mu 1968 iwo anakongoza Malawi marandi 8 miliyoni oyambira nchito ya likulu. Mu 1970 nduna yao yaikulu, John Vorster, inadza kudzacheza kuno, ndipo mu 1971 Kamuzu anapita kwao.

Tisabise mau pamenepa. Ndalama imeneyo inagula maziko a likulu, koma inagulanso manyazi pamaso pa anansi athu a ku Zambia ndi ku Tanzania kwa zaka zambiri. Ena a inu munagwira nchito m'migodi ya ku Joni pa Wenela, ndipo mudziwa bwino m'mene munthu wakuda analikukhalira m'dziko limene linatikongozalo.

KUMANGA

Mu 1968 Boma linakhazikitsa bungwe lomanga likulu, Capital City Development Corporation, limene anthu analikungoti C.C.D.C. Mapu a mudzi watsopano anajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen, ndipo nchito inayamba mu 1969. Sanaphwanye tauni yakale iai. Anaisiya pomwepo pa mtsinje, ndi msika wake ndi masitolo ake a Amwenye, namanga maofesi a nduna pa chitunda china chakumpoto, tsidya la mtsinje wa Lingadzi, chimene lero timati Capital Hill. Pakati pa tauni yakale ndi yatsopano anasiya nkhalango. Mafakitale anawaika ku Kanengo, ndi bwalo la ndege ku Lumbadzi. Malo okhala anthu sanawapatse maina koma manambala, ndipo manambalawo satsatana monga ziyenda nyumba pa mseu. Nchifukwa chake mlendo wochokera kuno amasokonezeka, poona kuti Area 18 ndi Area 47 ziri pafupi, pamene Area 23 ndi Area 25 ziri kumathungo awiri a mudzi.

Pa 1 Januwale 1975 Lilongwe analengezedwa kuti ndiye likulu la Malawi. Zina zinatsata pambuyo. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977. Njanji yochokera ku Salima, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Canada, inafika mu 1979, nipitirira ku Mchinji mu 1980. Bwalo la ndege la ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983, ndipo C.C.D.C. inathetsedwa mu 1984.

Tsopano mafumu tcherani khutu, pakuti pano ndi pamene pagona nkhani. Malo amene anapimidwa kuti akhale likulu sanali tchire lopanda mwini. Munali midzi, minda, madimba m'mbali mwa Lingadzi, manda a makolo ndi madambwe. Boma linatenga nthakayo kuti ikhale ya Boma, ndipo anthu anauzidwa kuti asamuke. Mwa lamulo la nthaka la 1965, chipepeso chinali cha nyumba, mitengo ya zipatso ndi mbeu za m'munda. Nthaka yeniyeniyo inalibe mtengo, popeza inali nthaka ya mafumu, yosalembedwa pa pepala. Koma nthaka yomweyo itangodulidwa mapuloti ndi kulembedwa manambala, inakhala ya ndalama zambiri, ndipo lero puloti imodzi ya ku Area 43 iposa chuma cha mudzi wathunthu. Nyakwawa yosamuka imanka ndi anthu ake ndi dzina lake, koma kumene yafikako imakhala mlendo pa nthaka ya mfumu inzake, ndipo mlendo sagawa malo. Anansi anu a kwa Chulu, amene makolo ao anachotsedwa m'nkhalango ya Kasungu masiku a Atsamunda, akhoza kukuuzani kuti bala lotere silipola ndi m'badwo umodzi.

M'zaka zomwezo, kumadzulo kwa tauni, kunayamba nchito ina yaikulu ya ulimi, Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank. Kumeneko analima miseu, nakumba zitsime, napereka feteleza pa ngongole. Anayesanso chinthu chachilendo, ndicho kupima minda ya banja lonse pamodzi ndi kuilemba m'kaundula m'dzina la banjalo. Malo otere anawatcha ndunda. Kotero m'boma limodzi lomwelo, anthu ena analikulandira pepala la nthaka yao pamene anzao analikupakira katundu pa lole.

Mapu a likulu anali okongola pa pepala, okhala ndi miseu yotakata ndi mitengo yambiri. Koma anajambulidwira munthu wa galimoto. Akuluakulu anaikidwa pafupi ndi maofesi, ku Area 10 ndi kwina kotero. Makalaliki anamangiridwa nyumba ku Area 18. Anthu wamba anapatsidwa mapuloti oti adzimangire okha, kutali, monga ku Chilinde ndi ku Area 25. Mlonda, wophika ndi wosesa, amene ayenera kufika pa nchito bwana asanadzuke, ndiwo anapatsidwa ulendo wautali koposa onse. Anthu ena ophunzira za mizinda amati kulekanitsa kotereku kufanana ndi matauni a dziko limene ojambulawo anachokera, ndipo ine sindiwatsutsa.

CHIMENE MLIMI WA KU KASUNGU ANAPEZAPO

Phindu linalipo, ndipo tisalikane. Mseu wochokera ku Lilongwe kudza ku Kasungu, mamailosi ngati 80, unathiridwa tara m'zaka za m'ma 1970. Mu 1979 okushoni inatsegulidwa pa Kanengo, ndipo fodya wa kuno sanayenerenso kupita ku Limbe. Makampani ogula fodya anamanga mafakitale ao pomwepo. Wodwala amene chipatala cha pa boma chamlephera anayamba kufika kwa madokotala akulu tsiku lomwelo. Ana anu ambiri anapeza nchito ya ukalaliki, ya upolisi, ya umisiri ndi ya malonda.

Koma funsani kuti amene analikulowa pa chipata cha okushoni m'zaka zoyambazo anali yani. Lamulo la mbeu zapadera, Special Crops Act, linaletsa mlimi wa pa nthaka ya mafumu kulima fodya wa bale ndi fodya wochiza m'mabani. Fodya ameneyo, ndiye wa ndalama, anali wa eni maesiteti okhala ndi lizi, ndi alimi owerengeka osankhidwa ndi bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Mlimi wa kumudzi analima chikopa, nagulitsa ku Farmers Marketing Board, imene mu 1971 inasanduka ADMARC, pa mtengo woikidwa ndi Boma. Phindu limene ADMARC inapeza pa fodya ndi mtedza wa alimi ang'ono, lambiri linapita kukatsegula maesiteti akulu, monga a Press Farming ndi General Farming. Maesiteti m'dziko lonse anali mazana ochepa mu 1970, koma pofika 1989 anapitirira 14,000, ndipo Kasungu anali pakati penipeni pa nchito imeneyi.

Inu mafumu a kuno mudziwa m'mene zinayendera. Munthu anafika ndi galimoto kuchokera ku likulu, nduna kapena kalaliki wamkulu kapena wa chipani, napempha malo. Mfumu inadinda chala. Opima anadza ndi zitsulo zao, ndipo malo amene anali odyetsa ng'ombe ndi otola nkhuni anasanduka lizi ya munthu mmodzi. Masiku amenewo kukana kunali kobvuta, ndipo sindinena izi kuti ndinyoze akufa. Chimene ndinena ndi chakuti pamene likulu linayandikira, ofuna malo nao anayandikira. Kuchokera ku Zomba, munda wa ku Kasungu unali kutali kuti bwana auyang'anire. Kuchokera ku Capital Hill unali ulendo wa Loweruka m'mawa. Matenanti anabwera kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Mangochi, ndipo ambiri a iwo ana ao ali pakati panu lero, opanda munda waowao. Mlimi wamba analoledwa kulima bale kuyambira mu 1990, podzera m'makalabu. Pambuyo pake misika ina ya okushoni inatsegulidwa ku Mzuzu ndi pa Chinkhoma pompano.

BOMA LINASAMUKA PANG'ONOPANG'ONO

Musayese kuti pa 1 Januwale 1975 zonse zinanyamuka tsiku limodzi. Nyumba ya Malamulo inatsala ku Zomba kwa zaka zina pafupifupi 20. Kamuzu mwini anamanga nyumba yachifumu ya zipinda ngati 300 ku Lilongwe, koma sanakhalemo kwenikweni. Anakonda Sanjika ku Blantyre. Bakili Muluzi atasankhidwa mu 1994 anaipereka nyumbayo kwa aphungu, iye nakhala ku Blantyre, ndipo nduna ndi makalaliki analikutha mafuta ndi matayala pa mseu wa pakati pa mizinda iwiriyo. Bingu wa Mutharika atalowa mu 2004 anati mtsogoleri ayenera kukhala pa likulu, nalowa m'nyumbayo, nalamula kuti maunduna otsala abwere ku Lilongwe. Aphungu anakhala opanda nyumba yaoyao kufikira 2010, pamene inatsegulidwa Nyumba ya Malamulo yomangidwa ndi dziko la China. Ili pafupi ndi manda a Kamuzu, amene anamwalira mu 1997. Kotero kuchokera pa tsiku loyamba nchito kufikira pamene aphungu anakhala pa mipando yao, panapita zaka 41.

Zomba sanafe. Chancellor College inasamukira kumeneko mu 1973, monga anaganizira ku Gwelo, ndipo asilikari, ndende, nyumba yosunga makalata akale a Boma ndi ofesi yowerenga anthu zinatsala komweko. Manambala onse a anthu amene ndikukuuzaniwa achokera ku ofesi imeneyo. Koma kukula kwake kunakhala kwa pang'onopang'ono. Pa kalembera wa 2018 Zomba anali ndi anthu 105,013.

Lilongwe ndiye anathamanga. Mu 1977 anali ndi anthu pafupifupi 99,000. Mu 1987 anapitirira 220,000, mu 1998 anafika 440,000, mu 2008 anaposa Blantyre, ndipo mu 2018 anawerengedwa anthu 989,318. Mwana wobadwa mu 1966 m'tauni ya anthu 19,000 anafika zaka 52 ali m'mzinda wokula kasanu kakhumi, iye osasamuka.

Anthu onsewa mapu aja sanawakonzere malo. Mapuloti a Boma anachepa, ndipo munthu wofika ndi thumba lake kuchokera ku Dowa, ku Ntchisi kapena kuno, sakanatha kudikira zaka pa mndandanda. Anapita kwa yani? Anapita kwa nyakwawa. Midzi ina imene inatsala m'mphepete mwa malire, kapena m'kati mwake, inayamba kulandira alendo, poyamba ndi nkhuku kapena kandalama ka ulemu, pambuyo pake ndi mtengo weniweni. Chomwecho kunakula Mtandire kuseri kwa nyumba zazikulu za Area 47, Kauma, Mgona pafupi ndi mafakitale a Kanengo, Chinsapo, Mtsiliza ndi malo ena otere. Lero anthu oposa theka a likulu akhala m'malo osapimidwa ngati amenewa, m'mene nyumba zathithikana kotero kuti galimoto ya odwala kapena yozima moto isowa polowera, ndipo chitsime ndi chimbudzi ziyang'anizana. Nyakwawa zina zinalemera kwa kanthawi. Koma zinagulitsa dimba, zinagulitsa dambo lodyetsa ziweto, kwina zinagulitsa ndi m'mphepete mwa manda momwe, ndipo adzukulu ao ena lero achita lendi chipinda pa nthaka ya agogo ao. Milandu ya puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri yadzaza mabwalo.

Mzinda waukulu umadyanso kutali. Madzi a Lilongwe achokera m'madamu a ku Malingunde, ndipo mtsinjewo uyambira m'nkhalango ya Dzalanyama. Koma mabanja ambiri a m'tauni aphika ndi makala, ndipo makalawo achokera m'nkhalango yomweyo. Inu amene munaona m'mene mabani ndi zigafa zinathera misuku ndi mitsamba ya kuno simufunika kuuzidwa chimene chichitika kwa mtsinje mitengo ikatha. Matumba a makala amene muwaona pa mseu kuyambira kuno mpaka ku Mponela, ambiri alikupita komweko.

Tsopano yang'anani kwanu. Tauni ya Kasungu inali ndi anthu ngati 11,000 mu 1987, koma mu 2018 inapitirira 58,000. Nkhamenya, Chatoloma ndi Jenda zilikukula m'mbali mwa mseu womwewo, ndipo ofuna malo a sitolo, a chigayo ndi a nyumba za lendi afika kale pakhomo panu. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano la nthaka ya mafumu, Customary Land Act, ndipo linakonzedwanso mu 2022. Mwa lamuloli banja kapena munthu akhoza kulembetsa munda wake ndi kulandira pepala, monga anayesera ku ndunda kale lija. Kugawa malo sikulinso m'manja mwa munthu mmodzi, koma mwa komiti imene gulupu akhala wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo atatu mwa iwo, kapena kuposapo, akhale amai. Madambo, manda ndi malo odyetsa ziweto ayenera kupatulidwa kuti akhale a mudzi wonse, asanayambe kudula za munthu payekha. Amene afuna kumva zambiri za kalembedwe kake afunse ku ofesi ya za malo pa boma la Kasungu, ndipo apite awiri kapena atatu, mmodzi wodziwa kuwerenga.

Sabata ya mawa, nthawi yonga yomweyi, tidzakamba za kabzalidwe ka mitengo ya milimo ya zigafa.